Mlandu Suola: Anamfedwa Amene Adaumiriza Aphungu a ku America Kuteteza Chakudya

Pa 11 Febuluwale 2009, m'chipinda china cha nyumba ya malamulo mumzinda wa Washington, aphungu atakhala pa mipando yawo yokwezeka, atolankhani atadzaza m'mbali ndi makamera awo, ndipo mabanja a anthu ofedwa ali duu kuyembekeza chilungamo, phungu wa ku Oregon, a Greg Walden, adatulutsa chibotolo chachikulu chokulungidwa ndi lamba wachikasu, wonga amene apolisi amatchingira malo pamene pachitika upandu. M'chibotolomo mudali zakudya zopangidwa ndi mtedza ndi chiponde cha kampani ya Peanut Corporation of America, zimene pa nthawiyo zidali zitachotsedwa kale m'masitolo. Phunguyo adachikweza kuti onse aone, napenya mwini kampaniyo, a Stewart Parnell, nawafunsa ngati angalole kuvundukula chivundikiro ndi kudyako pamaso pa khamulo.

A Parnell sadadye.

Iwo adathawira ku chitetezo chimene malamulo aakulu a dzikolo amapatsa munthu aliyense, chakuti asakakamizidwe kupereka umboni wodzitsutsa yekha, ndipo adabwereza mawu amodzimodzi okana kuyankha kufikira aphungu adawalola kutuluka.

Amene adalankhula momasuka tsiku limenelo adali anthu wamba. A Jeff Almer a ku Minnesota adasimba za amayi awo a zaka 72, amene adagonjetsa khansa ya m'mapapo ndi chotupa cha mu ubongo, koma adatsikira kuli chete kutatsala masiku ochepa kuti Khirisimasi ya 2008 ikwane, atadya buledi wopaka chiponde m'nyumba yosamalira okalamba. Wapolisi wina wa ku Oregon adasimba za mwana wake wa zaka zitatu, amene pamene adayamba kutsegula m'mimba ndi kukana chakudya, makolo ake, mwa chikondi chawo, adapitiriza kumpatsa timabisiketi ta chiponde timene ankatikonda, osadziwa kuti matenda adali m'timabisiketi momwemo. Mwanayo adachira, koma ena sadapulumuke.

Odwala amene boma lidawawerenga adakwana 714, m'zigawo 46 za dzikolo.

Akufa adali asanu ndi anayi.

Chimene chidali ku Blakely

Fakitale imene mudachokera tizilombo ta Salmonella idali m'tauni yaing'ono ya Blakely, m'chigawo cha Georgia, ndipo pamene oyendera a boma adalowamo, anthu atayamba kale kudwala, adapeza denga lodontha, nkhungu m'makoma ndi mphemvu, pamalo pomwe pankakazingidwa ndi kuperedwa mtedza wopita ku masukulu, ku nyumba za okalamba ndi ku makampani ena ambirimbiri opanga mabisiketi ndi maswiti. Chowawa koposa chidali m'mabuku a kampaniyo, pakuti mudalembedwa kuti ka 12, m'zaka za 2007 ndi 2008, kuyeza kwa iwo eni kudaonetsa tizilomboto, koma katunduyo adatumizidwabe kwa ogula. Mitundu ya zakudya yoposa 3,900 idachotsedwa pa msika chifukwa cha kampani imodzi imeneyi.

Munthu angafunse kuti boma lidali kuti.

Yankho lake lili m'malamulo akale. Nthambi ya boma ya FDA, imene imayang'anira pafupifupi magawo 80 mwa magawo 100 a chakudya chonse cha ku America, idali kugwira ntchito ndi lamulo la 1938, lomwe lidalembedwa pamene chakudya chambiri chinkadyedwa pafupi ndi kumene chalimidwa. Lamulolo silidapatse nthambiyi mphamvu yolamula kampani kuti ichotse pa msika chakudya choipa, kupatula mkaka wa makanda. Inkangopempha, ndipo kampani inkavomera mwa kufuna kwake. Oyendera a nthambiyi adali asadapondenso m'fakitale ya ku Blakely kuyambira 2001, popeza ntchitoyo idasiyidwa m'manja mwa boma la chigawo, ndipo kampani ina yoyendera mafakitale, yolipidwa ndi eni fakitale omwewo, idali itaipatsa chiphaso cha ukhondo wapamwamba.

Chotero lamulo linkadzuka maliro atachitika kale.

Mbumba ya olira

Mabanja amene adaimirira ku Washington tsiku lija sadali oyamba, pakuti njira imene adayendamo idalambulidwa ndi ena. Kale mu 1906, mabungwe a amayi ndiwo adasefukiza makalata pa matebulo a aphungu kufikira Pulezidenti Theodore Roosevelt adasaina malamulo oyamba a ukhondo wa chakudya ndi nyama, m'chaka chomwe buku la Upton Sinclair lotchedwa The Jungle lidaulula uve wa m'malo ophera ng'ombe ku Chicago.

Koma gulu la masiku ano lidabadwa m'maliro a 1993. Chaka chimenecho anthu 732, ambiri mwa iwo ana, adadwala atadya mahambaga osapsa bwino m'malesitilanti a Jack in the Box ku Washington, Idaho, California ndi Nevada, ndipo ana anayi adamwalira. Kachilombo kake kadali E. coli O157:H7, kamene kamakhala m'matumbo a ng'ombe osaidwalitsa, nikafika pa nyama pamene ndowe zaikhudza posenda chikopa kapena potumbula. Ndipo chifukwa nyama yogaya imasakaniza ng'ombe zambiri m'chigayo chimodzi, nyama ya ng'ombe imodzi yodetsedwa imaipitsa mulu wonse, ndipo kachilombo kamene kadali pamwamba kamalowa m'kati momwe moto sufika msanga. Chigawo cha Washington chidali chitalamula kuti nyama yotere ipse kufika madigiri 68, koma malesitilantiwo ankatsata muyeso wakale wa boma lalikulu, wa madigiri 60.

Makolo a ana amenewa, pamodzi ndi ena amene adaona zomwezo, adakhazikitsa bungwe lotchedwa Safe Tables Our Priority, nayamba kugogoda pa zitseko za akuluakulu atanyamula zithunzi za ana awo. Mu Sepitembala 1994, a Michael Taylor, amene ankatsogolera nthambi yoyendera nyama mu unduna wa zaulimi, adalengeza pamaso pa eni makampani a nyama kuti kuyambira pamenepo nyama yogaya yokhala ndi kachilomboka njoletsedwa kugulitsa. Ndipo mu 1996 padatuluka malamulo atsopano okakamiza malo ophera nyama kuyeza tizilombo, m'malo modalira maso, mphuno ndi manja a woyendera monga kale.

Ambiri adayesa kuti nkhondo yatha.

Masiku 12 a Kevin

M'chilimwe cha 2001, m'chigawo cha Wisconsin, mwana wa zaka ziwiri ndi miyezi isanu ndi itatu, Kevin Kowalcyk, adayamba kutsegula m'mimba, kenaka m'chimbudzi chake mudaoneka magazi. Poizoni wa kachilombo komweko adaononga magazi ake ndi kutseka impso zake, mwakuti adamuika pa makina osefa magazi, ndipo madokotala adaletsa kumpatsa madzi akumwa. Mayi wake, mayi Barbara Kowalcyk, akhala akusimba pamaso pa aphungu ndi atolankhani mmene mwanayo ankapemphera madzi usana ndi usiku, iwo osatha kumpatsa kanthu koma kachinkhupule konyowa konyowetsera milomo, kamene mwana adakaluma ndi ludzu. Pa 11 Ogasiti, patatha masiku 12 chiyambire kudwala, Kevin adamwalira.

Mayi Kowalcyk adali katswiri wa ziwerengero za umoyo, ndipo sadalole kuti imfa ya mwana wawo ingotchedwa tsoka. Banjalo lidatha zaka likufunsa maofesi ndi kulemba maloya, kufikira lidapeza kuti mtundu wa kachilombo kamene kadapha mwana wawo udafanana ndi wa m'nyama imene idachotsedwa pa msika mwanayo ataikidwa kale m'manda.

M'mwezi wa Disembala 2001, khoti la apilo lidagamula mlandu wa kampani ya Supreme Beef ya ku Texas, nilinena kuti unduna wa zaulimi ulibe mphamvu yotseka fakitale chifukwa chongolephera mobwerezabwereza mayeso a Salmonella. Pamenepo mayi Kowalcyk ndi amayi awo owabereka, mayi Patricia Buck a ku Pennsylvania, adayamba ulendo wautali wopempha lamulo lobwezera undunawo mphamvuyo, lamulo limene anthu adalitcha la Kevin, ndipo limene aphungu monga mayi Anna Eshoo a ku California adalibweretsa m'nyumba ya malamulo.

Kachitidwe kawo kadali kodekha ndi kotopetsa. Ankapempha nthawi yoonana ndi phungu, nthawi zambiri nkupatsidwa mphindi zochepa ndi mlembi wachinyamata. Ankaika chithunzi cha mwana pa tebulo, nasimba masiku 12 aja kuyambira pachiyambi, natchula ndime ya lamulo imene akufuna kuti isinthe, nathokoza mwaulemu, nalowa pa khomo lotsatira kukayambanso nkhani yomweyo. Kanema wa Food, Inc. wa mu 2008 adaonetsa mayi ndi mwana wake wamkaziyu akuyenda m'makonde aatali a nyumba ya malamulo, nakhala pansi ndi phungu wa ku Colorado, mayi Diana DeGette, amene kwa zaka zambiri ankalimbikira kuti boma likhale ndi mphamvu yochotsa chakudya choipa pa msika.

Aliyense wodziwa Malembo akaona zimenezi amakumbukira mkazi wamasiye uja amene adasautsa woweruza ndi kubwerabwera kwake kufikira adamuweruzira mlandu wake.

Koma bilu ya Kevin, nthawi zonse imene idabwera, inkafera mu komiti.

Kupanikiza a Reid

Mliri wa chiponde udasintha mphepo. Makampani aakulu a zakudya, amene kale ankakana malamulo atsopano, adaona malonda a mtedza akugwa ngakhale kwa iwo amene sadalakwe, nazindikira kuti chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Mabungwe a ogula, a zaumoyo ndi a mabanja ofedwa adamanga mgwirizano wotchedwa Make Our Food Safe, umene unkasonkhanitsa ochira ndi anamfedwa ndi kuwatumiza ku Washington, aliyense kwa phungu wa kwawo. Mu Julayi 2009 nyumba ya aphungu idavomereza bilu yake ndi mavoti 283 kwa 142, motsogozedwa ndi a John Dingell a ku Michigan, ndipo mu Novembala komiti ya Seneti, nyumba inayo ya malamulo, idavomereza bilu ya a Dick Durbin a ku Illinois popanda wotsutsa.

Kenaka bilu idagona chaka chathunthu.

Munthu amene adagwira kiyi wa ndondomeko ya zokambirana m'nyumba ya Seneti adali a Harry Reid a ku Nevada, mtsogoleri wa chipani chokhala ndi mipando yambiri, amene pa nthawiyo adali otanganidwa ndi bilu ya zaumoyo ndi ya mabanki, ndiponso adali kuyembekezera chisankho chovuta kwawo mu Novembala 2010. Omenyera lamuloli adadziwa kuti phungu angathe kunyalanyaza ziwerengero za dziko lonse, koma sangathe kuyang'ana kumbali pamene wodwalayo ali wa m'mudzi mwake. Tsono adadza ndi anthu a ku Nevada komweko: mtsikana amene adatsala pang'ono kufa mu 2006, ali ndi zaka zisanu ndi zinayi, atadya sipinachi wa m'pepala wogula m'sitolo, amene adapita ku Washington mobwerezabwereza kukaonana ndi a Reid, ndiponso banja la mayi wina amene adagona m'chipatala nthawi yaitali kwambiri atalawa ufa wokanda wa mabisiketi wosaphika mu 2009. A Reid adalonjeza kuti adzaibweretsa biluyo, ndipo mabanjawo sadaleke kuwakumbutsa lonjezolo pagulu.

Zengerezu adalinda kwawukwawu. Mu Ogasiti 2010, bilu ili chigonere, mazira oposa 500 miliyoni ochokera m'mafamu a ku Iowa adachotsedwa pa msika chifukwa cha Salmonella, anthu ochuluka atadwala kale.

Padalinso chopinga china. A Tom Coburn a ku Oklahoma, amene adali dokotala asadalowe ndale, adatsekereza biluyo ponena kuti idzadya ndalama zokwana madola 1.4 biliyoni m'zaka zisanu popanda kuonetsa kumene zidzachokere, ndi kuti vuto lenileni ndi kuchuluka kwa nthambi za boma zogwira ntchito imodzi mosamvana. Mawu awowo sadali opanda pake, pakuti kufikira lero pitsa wa tchizi amayang'aniridwa ndi nthambi ina, ndipo wokhala ndi nyama pamwamba amayang'aniridwa ndi inanso. Koma kwa mayi amene adaika mwana wake m'manda, kudikira kuti boma lonse likonzedwe kaye kudali kumuuza kuti adikire kosatha.

Mawu a alimi aang'ono

Si anamfedwa okha amene ankaimba mafoni ku maofesi a aphungu. Alimi aang'ono, ogulitsa ndiwo zamasamba, uchi ndi jamu m'misika ya kumapeto kwa sabata, adachita mantha kuti malamulo olembedwa chifukwa cha machimo a mafakitale aakulu adzawasenzetsa katundu wa mapepala ndi ndalama amene sangathe kumunyamula. Iwo adanena kuti phwetekere wa mlimi wodziwika nkhope akadwalitsa munthu, gwero lake limapezeka tsiku lomwelo, pamene chiponde cha fakitale imodzi chidafalikira m'zigawo 46. Adapeza khutu kwa a Jon Tester a ku Montana, mlimi amene ankalimabe munda wake ku Big Sandy ngakhale ali m'nyumba ya Seneti, ndiponso kwa mayi Kay Hagan a ku North Carolina. Awiriwa adaonjezera ndime yopeputsa malamulo kwa alimi amene malonda awo pa chaka sakwana madola 500,000, ndipo amagulitsa zambiri mwachindunji kwa ogula, m'masitolo kapena m'malesitilanti a m'chigawo chawo kapena a pa mtunda wosapitirira mamailosi 275.

Ndimeyi idagawa anthu amene onse adali ndi zifukwa zomveka. Ena mwa omenyera ufulu wa ogula adati kachilombo sikafunsa kukula kwa munda, ndipo makampani aakulu a ndiwo zamasamba adaikana. Koma popanda iyo mavoti sakadakwana, ndipo mabanja ambiri adasankha kulandira lamulo loperewera kusiyana ndi kubwerera kwawo chimanjamanja.

Pa 30 Novembala 2010 Seneti idavomereza biluyo ndi mavoti 73 kwa 25. Chimwemwe chidali chachifupi, pakuti kudapezeka kuti mudali ndime za ndalama zimene malamulo aakulu amati ziyambire m'nyumba ya aphungu, ndipo ambiri adayesa kuti ntchito yonse yapita m'madzi. Koma masiku otsiriza nyumbayo isadatsekedwe, Seneti idaivomerezanso pa 19 Disembala, aphungu pa 21 Disembala, ndipo pa 4 Januwale 2011 Pulezidenti Barack Obama adasaina lamulo la Food Safety Modernization Act.

Kuona maso a nkhono nkudekha.

Chimene adapindula, ndi chimene chidatsala

Lamuloli lidatembenuza ntchito ya FDA kuti ikhale yoteteza matenda asadabuke. Fakitale iliyonse iyenera kulemba poyera pamene ngozi ingalowere ndi mmene idzaitsekere. Nthambiyi ingathe kulamula kuti chakudya chichotsedwe pa msika, ingathenso kuimitsa fakitale. Mafakitale okhala ndi chiopsezo chachikulu ayenera kuyenderedwa pa zaka zitatu zilizonse. Ndipo kwa nthawi yoyamba padaikidwa malamulo a madzi othirira, manyowa ndi ukhondo wa antchito m'minda ya zipatso ndi ndiwo zamasamba. Wogula chakudya kunja ayenera kutsimikiza kuti amene akumugulitsa akutsata miyeso yomweyo, mwakuti ngakhale wotumiza mtedza wa makademiya ku America kuchokera kwathu kuno amafunsidwa mapepala amene gwero lake ndi misozi ya mabanja aja.

Komabe kusaina sikudali mapeto. Malamulo ofotokoza kagwiridwe ka ntchito adachedwa kufikira bungwe la Center for Food Safety lidasumira FDA mu 2012, ndipo akuluakulu mwa malamulowo adatuluka mu 2015. Chaka chomwecho, mu Sepitembala, khoti la ku Georgia lidalamula kuti a Parnell akakhale m'ndende zaka 28, mabanja a akufa ali m'khotimo.

Chimene chimapweteka mtima nchakuti lamulo la 2011 silikhudza nyama ya ng'ombe, ya nkhumba kapena ya nkhuku, pakuti zimenezi zili pansi pa unduna wa zaulimi. Mayi Kowalcyk ndi mayi Buck adathandiza kupambana chitetezo cha sipinachi, mazira ndi chiponde cha ana a eni, koma lamulo lotchedwa dzina la mwana wawo silidadutse kufikira lero. Mu 2024 anthu khumi adamwalira ndi tizilombo ta Listeria ta m'nyama yokonzedwa m'fakitale ya Boar's Head ku Jarratt, m'chigawo cha Virginia, momwe oyendera adali atalemba kale kambirimbiri za nkhungu, tizirombo touluka ndi zotsalira za nyama pa makina. Mu Epulo 2025 unduna wa zaulimi udabweza malamulo amene udali utakonza ochepetsa Salmonella m'nkhuku yaiwisi. Bungwe la boma loona za matenda la CDC lidawerengera mu 2011 kuti chaka chilichonse anthu 48 miliyoni a ku America amadwala chifukwa cha chakudya, 128,000 amagonekedwa m'chipatala, ndipo 3,000 amamwalira.

Mbiri yonseyi, kuyambira 1906 kufikira lero, ikuphunzitsa chinthu chimodzi chowawa: kuti m'dziko lolemera limeneli malamulo ambiri oteteza chakudya adagulidwa ndi maliro, ndipo adafika pa tebulo la pulezidenti chifukwa ofedwawo adakana kulira m'nyumba mokha. Nzoyenera kuwalemekeza anthu otere. Koma nchamanyazi kwa mtundu uliwonse kuti katundu woteteza ana a onse asenzedwe ndi iwo amene ana awo adapita kale. Phungu amamva mawu a anthu amene amabwera pa khomo pake, ndipo a makampani amabwera tsiku lililonse, olipidwa, osatopa. Ngati amene ana awo ali moyo adikira kuti tsoka liwagwere asadalembe kalata, asadaimbe foni, asadafunse phungu wawo mmene adavotera, ndiye kuti lamulo lotsatira lidzagulidwanso ndi mtengo womwewo. Pakuti ofedwa adachita mbali yawo ndi kupitirira, ndipo mlandu wa nyama ndi nkhuku, umene udakali pa bwalo, ukuyembekeza amoyo kuti aunyamule.